Ichi chakoma, ichi chakoma: tisaunjike mawu pa kiyibodi mpaka kwaya kusowa

Chaka chatha ndinapita ku ukwati wa msuweni wanga pa tchalitchi china cha kumudzi, mukapatuka pa msewu wa ku Mchinji, pakati pa Mpingu ndi Namitete. Woimba kiyibodi anali mnyamata wa Fomu 3, ndipo luso analinalo, zala zake zinkayenda ngati madzi. Pambali pake, pa mpando wa pulasitiki, panali laputopu yolumikizidwa ku kiyibodiyo ndi kachingwe ka USB. Atangodina makiyi oyamba, tchalitchi chonse chinadzaza. Piyano inalimo, mavayolini analimo, malipenga analimo, ndiye pansi pake pali mawu ena aatali omveka ngati mphepo ya mu Julayi. Amayi anaimba nthungululu. Inenso ndinati eee, zafika kuno zimenezi?

Kenaka kwaya inayamba. Anthu oposa 20, pakamwa pali yasa, mitsempha ya pakhosi ili tototo. Agogo ena amene ndinakhala nawo benchi imodzi anandikodola n'kundifunsa kuti, "Mwanawe, kodi akuti chiyani?" Nyimboyo inali yakale, imene agogowo akhala akuimba kuyambira ali mtsikana, koma tsiku limenelo sanaizindikire.

Funso la agogo aja ndi limene landichititsa kulemba nkhaniyi. Maganizo anga ndi awa: mapulogalamu owonjezera mawu pa kiyibodi ndi abwino, ndipo ndikufuna achinyamata a ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma awaphunzire. Koma mmene ambiri tikuwagwiritsira ntchito panopa, kusanjikiza mawu asanu kapena asanu ndi limodzi pa kiyi imodzi, tikuwononga nyimbo, makutu ndi ndalama. Chimene chingatithandize kuona polekezera si lamulo la abusa kapena la akulu a mpingo ayi. Ndi Physics yomweyi ya mafunde ndi mawu imene mumaphunzira pokonzekera MSCE.

Kiyibodi imeneyi imatani kwenikweni?

Makiyibodi ambiri amene mumawaona m'matchalitchi ndi m'maukwati ndi a mtundu wotchedwa arranger, monga Yamaha PSR kapena Korg Pa. Kusiyana kwake ndi piyano wamba n'kwakuti dzanja lamanzere likagwira chord, kakompyuta ka mkati kamazindikira chord imeneyo n'kuyamba kuimba ng'oma, besi, gitala ndi zina motsatira sitayilo imene mwasankha. Pa makiyibodi a Yamaha sitayilo imodzi imatha kukhala ndi zigawo zisanu ndi zitatu zoimba nthawi imodzi. Ndiye taonani, mnyamata uja asanawonjezere kalikonse, anali kale ndi bandi yathunthu m'dzanja lake lamanzere.

Dzanja lamanja ndi limene limaimba nyimbo yeniyeni, ndipo kiyibodi imalola kusanjikiza mawu awiri kapena atatu pa kiyi imodzi. PSR-S970, imene inatuluka mu 2015, ili ndi Right 1 ndi Right 2. PSR-SX900 ya mu 2019 inawonjezera Right 3. Kusanjikiza kumeneku oimba amakutcha layer.

Nanga laputopu ikulowa pati? Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Kachingwe kaja sikatumiza mawu ayi, kamatumiza manambala. Chilankhulo chake ndi MIDI, chimene chinaonetsedwa koyamba pagulu mu Januwale 1983 ku America, pamene kiyibodi ya Prophet-600 inalumikizidwa ndi Roland Jupiter-6, zopangidwa ndi makampani awiri osiyana, n'kumvana. Anthu amene anatsogolera ntchitoyi, Dave Smith ndi Ikutaro Kakehashi, analandira mphoto ya Grammy mu 2013 chifukwa cha zimenezi.

Mukadina kiyi, uthenga wa MIDI umanena zinthu zitatu: kiyi yadinidwa pa tchanelo chakuti, nambala ya kiyiyo ndi yakuti, ndipo yadinidwa ndi mphamvu yakuti. Makiyi ali ndi manambala kuyambira 0 mpaka 127, ndipo C wa pakati ndi 60. Mphamvu ya kadinidwe nayo imafika 127. Matchanelo alipo 16. Pa chingwe chakale cha MIDI uthengawu umayenda mabiti 31,250 pa sekondi, moti uthenga wa kiyi imodzi umatenga pafupifupi milisekondi imodzi. Laputopu ikalandira nambala 60, pulogalamu imatsegula kachidutswa ka mawu kamene munthu wina anajambula kale, mwina vayolini yeniyeni ikuimba C, n'kukatulutsa. Kachidutswa kotere ndi sample. Mapulogalamu ambiri amtunduwu amatsata njira ya VST imene kampani ya Steinberg ya ku Germany inayambitsa mu 1996, ndipo wotchuka kwambiri pakati pa oimba kiyibodi ndi Kontakt.

Njira ina ndi yolowetsa mawu atsopanowo m'kiyibodi momwemo. Yamaha ili ndi pulogalamu yotchedwa Yamaha Expansion Manager: mumakonza paketi ya mawu pa kompyuta, kuika pa fulashi, n'kukailowetsa m'kiyibodi. Malo ake ndi owerengeka. PSR-S970 ili ndi 512 MB, PSR-SX900 ili ndi 1 GB. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mawu a mlingo wa CD amayezedwa ka 44,100 pa sekondi, muyezo uliwonse mabaiti awiri, kumanzere ndi kumanja. 44,100 × 2 × 2 = mabaiti 176,400 pa sekondi, kapena kuti 10 MB ndi kakusefukira pa mphindi. Choncho 512 MB ndi mawu osakwana mphindi 50. Zikuoneka zambiri eti? Koma piyano imodzi yojambulidwa bwino, kiyi iliyonse modekha, mwapakati ndi mwamphamvu, ikhoza kudya malo onsewo yokha.

Chifukwa chake kusanjikiza kumakoma

Ndisanayambe kudandaula ndivomereze: layer yabwino imakomadi, ndipo sayansi yake ndi yomveka.

Lipenga ndi vayolini zikaimba noti imodzimodzi ya A, zonse zimanjenjemeretsa mpweya ka 440 pa sekondi, kapena kuti 440 Hz. Nanga bwanji khutu limazisiyanitsa? Chifukwa chida chilichonse chimatulutsanso mafunde ena pamwamba pake, pa 880, 1,320, 1,760 ndi kumapitirira, ndipo mphamvu za mafunde apamwambawa zimasiyana malinga ndi chida. Hermann von Helmholtz analemba buku lofotokoza zimenezi mu 1863. Chachiwiri ndi mmene mawu amayambira ndi kuthera. Piyano imayamba mwadzidzidzi n'kumazilala, ngati mwala wogwera m'chitsime. Mavayolini amayamba pang'onopang'ono n'kukhalitsa. Mukasanjikiza ziwirizi, piyano imapereka chiyambi chakuthwa, mavayolini amagwira mchira. Chimene china chikusowa, chinzake chili nacho. Imeneyo ndiye layer yanzeru.

Palinso kena. Mawu awiri akasiyana pang'ono, lina 440 Hz lina 442 Hz, mafunde awo nthawi ina amathandizana, nthawi ina amatsutsana, ndipo mumamva mawu akukwera ndi kutsika kawiri pa sekondi, chifukwa 442 kuchotsa 440 ndi 2. Kugwedera kumeneku kukakhala kochepa kumanenepetsa mawu. N'chifukwa chake kwaya ya anthu 20 imamveka mokoma kuposa munthu mmodzi wokwezedwa pa sipika: palibe anthu awiri amene amaimba noti mofanana ndendende.

Ndiye vuto lili pati? Vuto ndi lakuti mwayi umenewu uli ndi malire, ndipo malirewo timawapyola msanga.

Malire oyamba: khutu

Mkati mwa khutu muli kachiwalo kopiringizika ngati nkhono, ndipo malo osiyanasiyana m'kachiwaloka amamva mafunde osiyanasiyana, ena otsika, ena okwera. Mawu awiri akafika pa malo amodzi nthawi imodzi, amphamvu amaphimba ofooka. Mwayesapo kulankhula ndi mnzanu pa chigayo pa Nsaru tsiku la msika? Mawu a mnzanuyo alipo, akufika m'khutu mwanu, koma injini yatenga malo.

Mawu a munthu ali ndi mbali ziwiri. Mavawelo, a e i o u, ndi amphamvu. Makonsonanti ndi ofooka, koma ndi amene amanyamula tanthauzo, ndipo ambiri mwa iwo amamvekera cha pakati pa 2,000 ndi 4,000 Hz kapena kupitirira. M'Chichewa nkhaniyi ndi yaikulu. Kusiyana kwa "pala" ndi "phala", kapena "kama" ndi "khama", ndi kampweya kochepa kotuluka pakamwa kwa kanthawi kosakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Kuwonjezera apo, polankhula timasiyanitsa mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo pokweza kapena kutsitsa mawu, koma poimba mawu amatsata nyimbo. Womvera amatsala ndi makonsonanti ndi mawu oyandikana nawo kuti amve uthenga.

Tsopano ganizirani mavayolini owala, malipenga, ndi zitsulo za ng'oma za mu sitayilo. Zonsezi zili ndi mphamvu zambiri m'dera lomwelo la makonsonanti, ndipo mawu aatali aja otchedwa pad sapuma n'komwe kuti kwaya idutse. Agogo aja sanali ogontha. Makonsonanti a kwaya anakwiriridwa.

Chimachitika kenako mukuchidziwa. Wotsogolera kwaya auza wa pa mikisa kuti akweze maikolofoni. Woimba kiyibodi aona kuti sakudzimva, nayenso akweza. Mpikisano wayamba. Mawu awiri a mphamvu zofanana akaphatikizana, phokoso limakwera ndi madesibeli pafupifupi 3. Akakhala khumi, limakwera ndi 10. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu akhoza kumvera phokoso la madesibeli 80 kwa maola 40 pa sabata popanda chiopsezo, koma likafika 90, maolawo amatsika kufika pa anayi okha. Ukwati wa kwathu kuno, kuyambira kutchalitchi mpaka perekaniperekani, umatha maola angati? Ndipo amene amakhala pafupi penipeni ndi sipika ndi ana, komanso woimba kiyibodi mwiniwake. Timaselo ta m'khutu tomva mawu tikafa sitimeranso. Ngati munabwerako ku ukwati khutu likulira "tiiii" usiku wonse, limenelo linali chenjezo.

Malire achiwiri: makina

Kiyibodi iliyonse ili ndi chiwerengero cha manoti amene ingatulutse nthawi imodzi, chotchedwa polyphony. PSR-E373, imene ambiri amaphunzirira, imafika 48. PSR-S970 ndi PSR-SX900 zimafika 128. Zala zathu ndi khumi zokha, ndiye 128 ikuoneka ngati nyanja. Koma werengani. Chord ya manoti anayi pa mawu atatu osanjikiza ndi 12. Mawu ambiri okoma amapangidwa ndi zidutswa ziwiri kapena kuposa pa noti imodzi, ndiye 12 ija yasanduka 24. Mwaponda pedulo yogwira mawu n'kudina ma chord atatu motsatizana, mwafika 72. Sitayilo ija ya zigawo zisanu ndi zitatu nayo ikudya m'mbale yomweyo. Malo akatha, kiyibodi imadula manoti ena kuti atsopano alowe, ndipo nyimbo imamveka ngati ikuchita ntchirintchiri. Anthu amati kiyibodi yakalamba, pamene yangolemedwa ngati kabaza wonyamula matumba anayi a chimanga.

Mawu ochokera mu laputopu sadya polyphony ya kiyibodi, zoona, koma amabweretsa vuto lawo, kuchedwa, kumene akatswiri amati latency. Kompyuta sikonza mawu mmodzimmodzi. Imadzaza kaye kachidebe kotchedwa buffer, kakadzaza n'kutumiza. Kachidebe ka miyezo 128 pa liwiro la 44,100 kamatenga 128 ÷ 44,100, pafupifupi mamilisekondi 3. Ka 1,024 kamatenga mamilisekondi 23. Laputopu yofooka ikapatsidwa mawu ambiri imalephera kudzaza kachidebe kakang'ono pa nthawi yake, imayamba kuthetheka, ndiye woimba amakulitsa kachidebeko. Kuthetheka kwatha, kuchedwa kwabwera.

Mamilisekondi 23 ndi chiyani? Mawu amayenda mumpweya pafupifupi mamita 343 pa sekondi, choncho n'chimodzimodzi kuika mavayolini anu mamita 8 kutali ndi piyano yanu. Pa nyimbo yodekha mwina simungazindikire. Pa nyimbo yothamanga ya kwaya, yowomba m'manja, mawu akuthwa monga gitala kapena marimba amamveka ngati akutsimphina pambuyo pa biti.

Chachitatu ndi magetsi. Magetsi a ESCOM amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi. Mukalumikiza laputopu, kiyibodi ndi mikisa, chilichonse ndi pulagi yake, nthawi zina pamabwera kulira kwa "mmmm" kwa 50 Hz, kumene kuli pafupi kwambiri ndi noti ya G yotsika ya besi, ya 49 Hz. Yesani kuzula tchaja cha laputopu kuti iyendere batire lake: kulirako kukatha, mwapeza gwero. Ndipo m'midzi yambiri ya ku Kabudula ndi Nambuma, kumene mapemphero amadalira jenereta kapena batire la sola, chida chilichonse chowonjezera ndi katundu. Kiyibodi ikazima imadzuka m'masekondi ochepa. Laputopu ya batire lakufa ikazima mkwati ali pakhomo, mudzadikira Windows idzuke, pulogalamu itseguke, mawu alowe, anthu onse akukuyang'anani.

Zimene otsutsa amanena

Ndakambiranapo nkhaniyi ndi anzanga oimba, ndipo mfundo zawo si zopepuka.

Ena amati: "Kiyibodi yatsopano ndi yodula, mpingo wathu sungakwanitse. Pulogalamu imapatsa moyo kiyibodi yakale." Apa ndikugwirizana nawo kwathunthu. Kiyibodi yogulidwa zaka 15 zapitazo, bola ili ndi MIDI kapena USB, ikhoza kuimba piyano yomveka bwino kuposa ya mkati mwake. Imeneyi ndiyo mphatso ya MIDI: chilankhulo cha 1983 chikugwirabe ntchito lero. Koma taonani kuti mfundoyi ikunena za kusintha mawu oipa ndi abwino. Sikunena za kuunjika asanu pamwamba pa anzake.

Ena amati: "Achinyamata akufuna mawu aakulu ngati amene amamva pa wailesi ndi pa YouTube. Tikapanda kutero athawa." Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mu situdiyo, wosakaniza nyimbo amathera maola ambiri akuchotsa. Amadula mafunde otsika a gitala kuti besi ipeze malo, amatsitsa mavayolini pamene woimba akutchula mawu, amawakweza akapuma. Nyimbo imene mukuti ndi yaikulu ija ndi yokonzedwa ngati munda wopalira bwino. Ife tikutengera kubzala kokha, kupatulira ayi. Ndipo aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa zimene zimachitika mukasiya mbewu zisanu pa phando limodzi: mapesi ambiri, zisononkho zosaoneka.

Palinso akuluakulu amene amati zonsezi zichoke, tibwerere ku ng'oma ndi maseche. Ndimawamvetsa, koma sindigwirizana nawo. Kiyibodi inalowa kale m'magazi a nyimbo za Amalawi. Mverani nyimbo za ku Balaka za Alleluya Band, za Paul Banda ndi malemu Lucius Banda, mudzamva mmene chida chachilendochi chinaphunzirira kulankhula zathu. Kuletsa mnyamata wa Fomu 3 kulumikiza laputopu n'kumutsekera khomo limene likanamufikitsa ku ntchito ya zamagetsi, ya makompyuta kapena ya mu situdiyo. Amene wamvetsa chifukwa chake buffer ya 1,024 imachedwetsa mawu wamvetsa kale kanthu kena ka mmene kompyuta imagwirira ntchito, kopanda kuloweza.

Pali nkhani ina imene anzanga sakonda kuikamba: mapulogalamu ambiri amene akuyenda pa mafulashi ndi obedwa. Kupatula kuti ndi kuphwanya lamulo la umwini wa zaluso, lomwelo limene bungwe la COSOMA limatetezera oimba athu, mapulogalamu othyoledwa ndi njira yodziwika yolowera mavairasi. Laputopu imene mwabwereka kwa achimwene anu ili ndi ntchito yawo ya ku koleji. Ndipo palibe chifukwa chobera. Audacity yojambulira ndi kudula mawu ndi yaulere. Polyphone yopangira mapaketi a mawu a mtundu wa SoundFont ndi yaulere. FluidSynth ndi sforzando zoimbira mawuwo ndi zaulerenso.

Ngati tikuwonjezera, tiwonjezere chiyani?

Apa ndi pamene mtima wanga uli. Mavayolini amene mnyamata uja anaika anajambulidwa kutsidya kwa nyanja, ndipo woimba wa ku Lagos, wa ku Manila ndi wa ku Namitete onse akudina mawu amodzimodzi. Makampani amapanga mapaketi a nyimbo za ku India, Brazil ndi Mexico chifukwa kumeneko kuli msika. Kaligo, bangwe, kalimba, chisekese, kuwomba m'manja kwa amayi a chimtali, kulira kwa malipenga a zipanda a mganda, zimenezi mukadikira kuti wina wa ku Japan adzakujambulireni, mudzadikira mpaka imvi.

Ntchito imeneyi si yachilendo. M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey anayenda m'dziko muno, nthawi imeneyo Nyasaland, ndi galimoto yodzaza makina olemera, akujambula nyimbo za m'midzi. Mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music, imene lero ili pa Rhodes University ku South Africa. Zimene iye ankafunikira galimoto kuti achite, inu mukhoza kuchita ndi foni ya m'thumba. Pezani agogo amene amaimba kaligo kapena kalimba. Jambulani noti iliyonse payokha, m'chipinda chopanda phokoso, foni ili pa mtunda umodzimodzi. Dulani ndi Audacity, ikani noti iliyonse pa kiyi yake ndi Polyphone. Mwapanga chida chimene palibe wina pa dziko lapansi ali nacho.

Mukamachita zimenezi mudzakumana ndi phunziro lina lokoma. Kiyibodi imagawa octave m'masitepe 12 ofanana, sitepe iliyonse ikuchulukitsa mafunde ndi 1.059. Zida zathu zambiri sizitsata magawidwe amenewa. Valimba ya ku chigwa cha Shire, mwachitsanzo, imagawa octave m'masitepe asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana. Noti ya kalimba ya agogo ikagwera pakati pa makiyi awiri, musathamangire kunena kuti yaphonya. Mwina ndi kiyibodi imene ilibe notiyo. Makiyibodi ambiri a arranger ali ndi malo otchedwa Scale Tune osinthira noti iliyonse payokha, choncho mukhoza kuipinda kiyibodiyo kuti itsate agogo m'malo mokakamiza agogo kutsata kiyibodi.

Koma chenjezo. Si mawu onse amene ali otola. Kuno kwathu ndi kwawo kwa Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse. Kulira kwa mbalule kuli ndi eni ake, nthawi yake ndi malo ake. Kubisa foni m'thumba pa bwalo, n'kukaika ng'omazo pa kiyi kuti zizilira pa disiko kapena m'tchalitchi, n'kuputa mkangano ndi mbali zonse ziwiri. Pemphani kwa mfumu ndi akuluakulu a mwambo, fotokozani chimene mukufuna kuchita, ndipo akakana, kwathera pomwepo. Ngakhale agogo a kaligo aja, auzeni kumene mawu awo akupita, ndipo mukadzapeza nawo kangachepe pa ukwati, muwakumbukire.

Yesani nokha sabata ino

Musangokhulupirira zimene ndalembazi. Sayansi imafuna kuyesa. Pa tsiku lophunzira nyimbo, sankhani mnzanu mmodzi amene si wa kwaya, akaime kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi ndi kope. Wotsogolera kwaya alembe mawu khumi osagwirizana, monga phala, khama, tsamba, mphasa, nthochi, ndipo kwaya iwaimbe pa noti imodzi. Koyamba kiyibodi iimbe piyano yokha. Kachiwiri, ndi mawu ena khumi, onjezani mavayolini. Kachitatu onjezani malipenga ndi pad. Musakhudze voliyumu ya kwaya kapena malo amene mnzanuyo waima, chifukwa pa kuyesa kwabwino timasintha chinthu chimodzi chokha. Werengani mawu amene walemba molondola ulendo uliwonse. Bwerezani ndi anzanu awiri kapena atatu. Pamene nambala yayamba kugwa, pamenepo ndiye pa malire a tchalitchi chanu, sipika zanu ndi kwaya yanu. Tchalitchi cha malata opanda siling'i ndi cha njerwa zopaka pulasitala zidzapereka mayankho osiyana, ndipo kufufuza chifukwa chake ndi pulojekiti yabwino ya kalabu ya sayansi.

Ine lamulo limene ndimatsata ndi losavuta. Kwaya ikamaimba, mawu awiri akwana, limodzi lakuthwa poyamba, lina lokhalitsa, ndipo lachiwirilo likhale pansi. Pad izimitsidwe pa ndime, ibwere pa kolasi ngati pakufunika. Malipenga ayankhe pamene oimba akupuma, monga mmene timachitira kale pa nyimbo zathu za wotsogolera ndi ovomera. Pa chiyambi cha nyimbo, kapena akwati akamalowa, tsegulani zonse, anthu asangalale. Ndipo musanawonjezere mawu alionse, dzifunseni kuti akubweretsa chiyani chimene palibe. Ngati yankho ndi lakuti "akungokoma", kumbukirani pusi uja. Anati ichi chakoma, ichi chakoma, mapeto ake anagwa chagada.

Mnyamata wa ku ukwati uja ndinacheza naye pa nthawi ya chakudya. Ndinamuuza funso la agogo aja. Poyamba nkhope inagwa, kenaka anati iye pamene amakhala, pafupi ndi kwaya, amamva mawu onse bwinobwino, ndipo sanayambe waimapo kumbuyo kwa tchalitchi kiyibodi yake ikulira. Ndi zoona, angaime bwanji pamene zala zake zili pa makiyi? Ndinamuuza kuti makiyibodi ambiri a mtunduwu ali ndi batani lojambulira zimene ukuimba. Jambula, idziimbe yokha, kwaya iyambe, iwe upite ukakhale pa benchi ya agogo. Inunso amene mumaimba Lamulungu likubwerali, kayeseni kukhala pa benchi imeneyo kwa mphindi zisanu, mudzatiuze zimene mwamva.